Galimoto ya Pepala ya Boon Hwa

Ku Taiping mvula siodira. Imagwa m'mawa, imagwa masana, ndipo chitsulo chilichonse chimene mwini wake wachitayirira chimachita dzimbiri msanga. Koma pakhonde la a Ooi Cheng Lye panali galimoto imodzi imene dzimbiri linkangoinunkhiza n'kubwerera.

A Ooi ndi aja owotcha buledi pamakala m'nyumba ya khofi ya pafupi ndi msika. Ntchitoyo anaiyamba ali ndi tsitsi, lero mutu wawo umawala kuposa ketulo. Kuyendetsa galimoto sanaphunzirepo, moyo wawo wonse ndi kanjinga kamoto kotsokomola. Galimotoyo inali ya mwana wawo, Boon Hwa: yoyera, ya zitseko ziwiri, ya ku Japan, yopangidwa mwiniwakeyo akukwawa. Zoterezi akuti m'dziko lonse zatsala zowerengeka. Pambali pa injini inali ndi turbo, chitsulo chopindika ngati nkhono, chimene chimakankhira mphepo mu injini mpaka galimoto kuimba likhweru. Boon Hwa anaigula ili chiphakasa, n'kuikonza yekha zaka zambiri. Ndipo anthu asaname, sanafere m'menemo ayi. Anamutenga ndi malungo a dengue, ali pabedi.

Pamaliro a Ooi sanalire. Ankangozungulira kufunsa alendo ngati alandira madzi. Pambuyo pake anangotola ntchito ya mwanayo monga umatolera ambulera imene wina waiwala. Lamlungu lililonse ankavundukula lona, kupukuta, kuyeza oyilo, kusintha makala oyamwa chinyezi pansi pa mipando, kenako n'kuliza injini. Ankakhala pampando wa dalaivala manja ali pamaondo, chiwongolero osachikhudza. Ukawafunsa ngati amaikonda, ankangoti, "Ndi galimoto."

Amene zinkawapweteka ndi akazi awo, a Siew Gaik.

"Bambo ake a Boon, chinthu chanucho chikalira ine ndimanyamuka kukatenthetsa supu ngati mwanayo wafika," anatero tsiku lina. "Ndimakazindikira chipande chili kale m'manja. Ndatopa. Ndamulotanso akuyenda wapansi kumene aliko. Timuwotchere yake ya pepala. Ikapsa imeneyo, iyi ichoke pano."

Woitenga analipo kale, dokotala wina wa mano wa ku Ipoh, wa m'gulu la anthu osunga magalimoto akale. A Ooi anati, "Chabwino," ngati awauza kuti shuga watha.

Wopanga zinthu za pepala zimene anthu amawotcha kuti zikafike kwa akufa anali Lam Sek, mnzawo amene anathawa naye sukulu. Pamalo pake pamakhala nyumba za pepala, mafoni a pepala, ngakhale antchito a pepala. Galimoto anaimaliza sabata isanathe.

"Iyi si galimoto, ndi bokosi la nsapato," anatero a Ooi.

"Iwe Dazi, chiyambire palibe wakufa anabweza katundu wanga," anayankha Lam Sek.

"Nyali zakumbuyo ndi zozungulira. Konza."

Anakonza. A Ooi anati matayala aonda. Anawanenepetsa. A Ooi anati kuyerako ndi kwa mpunga, pamene yeniyeniyo ndi kwa mkaka. Miyezi inapita motero. A Siew Gaik sankafunsa kanthu. Lamlungu likafika ankangotseka mawindo a kukhitchini.

Ulendo wina a Ooi anayesa kutsegula boneti ya pepalayo, n'kupeza kuti ndi yomata.

"Nkhono ili kuti?"

"Nkhono ya chiyani? Akathamangira kuti kumeneko, ali ndi nthawi yonse?"

"Popanda nkhono si galimoto yake."

Lam Sek anaika pansi burashi ya guluu. "Ndakuona, Dazi. Ukufuna ndife ine ndisanaimalize. Pepani bwana, ndikumwa mankhwala anga bwinobwino."

A Ooi sanaseke, sanakanenso. Ankayang'ana wantchito wa pepala amene anali pakona.

M'mawa mwake Lam Sek anafika kunyumbako ndi tochi, n'kulowetsa mutu mu injini, matako m'mwamba, akutukwana anthu a ku Japan chifukwa chopanikiza zitsulo malo amodzi. Anajambula paipi iliyonse. Kenako anasowa kwa nthawi ndithu, mpaka maliro ena m'tauniyo anakagula nyumba zawo kwina.

Anaibweretsa pangolo, ataikulunga pulasitiki kuopa mvula, n'kuiika pambali pa yeniyeniyo. Boneti inatseguka. M'kati munali nkhono ya pepala lasiliva, yopindika bwino, ndi mapaipi a nsungwi. Ngakhale kakung'ambika kapampando wa dalaivala kanalipo.

A Ooi anaizungulira. Anagwada kusuzumira kunsi. Anawerenga manati a tayala lililonse, anafananiza nambala. A Siew Gaik anali ataima pakhomo akupukuta manja owuma kale. A Ooi anaizunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna ndalama yachitsulo imene yagwera mu udzu.

"Nena, Dazi," anatero Lam Sek, koma motsitsa mawu.

"Ili bwino."

Anakaiwotchera kuseri kwa kachisi. Ntchito ya miyezi yonseyo moto unaimeza munthu asanamalize ndudu. A Siew Gaik analira akuitana mwana wawo kuti abwere adzalandire. A Ooi anaona kuti mphepo ikutengera phulusa kunsapato zawo, anasuntha pang'ono.

Dokotala uja anabwera ndi lole yonyamulira. Anasisita denga la galimoto, anasuzumira kunsi, n'kupukusa mutu.

"Ankolo, mwaisunga ngati dzira! Muzibwera ku Ipoh kudzaiona, tsiku lililonse limene mwafuna."

"Oyilo ndasintha," anayankha a Ooi, n'kupereka makiyi.

Lole itakhota, khonde linaoneka lalikulu ngati bwalo la mpira. A Siew Gaik analisesa, kenako anatuluka ndi chingwe choyanikira zovala. Nsonga imodzi anamanga pachipilala, inayo anapatsa amuna awo.

"Kokani."

A Ooi anakoka.