Timabowo ta Pansi pa Phiko

Ntchito yanga ndi matabwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Bambo anga anachokera ku Mozambique akuyenda wapansi, nadzakhala ku Soche, ndipo ndi iwo anandigwiritsa sowo. Ndapanga zitseko, mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Mabokosi ndiwo ambiri. Shedi yanga ili ku Limbe, kuseri kwa msika.

Ndege sindinakwerepo. Koma ndinaigwirapo, ndipo ndinaiwononga.

Mwini wake anali mkulu wina wa ku Nyambadwe, wopuma pa ntchito ya mu ofesi, mkulu wa mpingo. Anafika kushedi kwanga akufuna wokonza chitseko. Anandipeza ndikupinda pulayi pa nthunzi ya madzi owira. Anaima kanthawi, akungoyang'ana.

"Amisiri," anatero, "Loweruka mubwere kwathu. Kuli chinthu."

Chinthucho chinali m'chinyumba chachitali cha malata kuseri kwa nyumba yawo. Inali ndege yopanda injini. Thupi lake analikhazika pa matayala akale. Mapiko awiri anali atawachotsa, atawagoneka pa timabenchi. Phiko limodzi linkaposa mabenchi awiri a m'tchalitchi kutalika. Ndinagogoda. Thabwa. Pulayi wopyapyala ngati chikhadabo, kwinako nsalu yokunga ngati ng'oma.

"Iuluka bwanji yopanda injini?" ndinafunsa.

"Ngati kabawi. Ndege ina imaikoka ndi chingwe mpaka m'mwamba, nkuisiya. Ukatero umasaka mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi. Ukaupeza, umazungulira momwemo, nawe nkumakwera."

Sindinakhulupirire. Sindinatsutsenso. Anali munthu wamkulu.

Kuuluka anaphunzira kunja ali mnyamata, atawatumiza ku maphunziro a ntchito. Atabwerako, ntchito ndi ana zinawagwira miyendo. Atapuma ndi pomwe anagula ndege yakaleyi kwa mlimi wina wa kunja, nabwera nayo pa ngolo yaitali. Ankafuna chinthu chimodzi: aikonze, apite nayo ku kabwalo ka ndege ka pa esiteti ina, aulukenso asanafe.

Sanali okha. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse pankabwera anthu asanu ndi awiri, nthawi zina khumi. Awiri okha ndi amene anaulukapo. Enawo ankangokonda. Panali mphunzitsi wa ku Naperi wodziwa mitambo yonse maina ake, ndi makaniko wa mabasi wa pakamwa posatseka. Ankayamba ndi pemphero. Kenako onse ankagwira phiko nkulitulutsa pabwalo, chifukwa phiko salinyamula munthu mmodzi. Mayi a pakhomopo ankabweretsa tiyi ndi masikono. Anthu akuluakulu, ena a imvi, ankaima ndi makapu m'manja, makosi ali chagada, kukangana ngati mtambo wa pamwamba pa phiri la Ndirande unganyamule munthu kapena ayi.

Anali ndi lamulo lawo. Tsiku likamatha, aliyense amene wagwira ndege ankanena pamaso pa onse chimene wachita. Ngakhale kumanga nati imodzi. Mkuluyo ankati, "M'mwamba mulibe poimika kuti ukonze."

Ine anandipatsa mapiko. Ndinasintha nthiti zinayi zong'aluka, timatabwa topyapyala ta mkati mwa phiko. Ndinamata pulayi pomwe makoswe anadya. Ntchito inkandikoma. Kwa nthawi yoyamba ndinkapanga chinthu chosapita pansi pa dothi kapena pansi pa matako a munthu. Ankanditchula kuti amisiri, ndipo kapu yanga ya tiyi inali yofanana ndi ya wina aliyense.

Chaka choyamba chomwecho, tsiku lina ndikukwecha kunsi kwa phiko ndi sandipepa, ndinapeza timabowo. Tating'ono, toti msomali wa inchi nkulowa. Tinali pamzere, kalikonse pambali pa nthiti yake. Kwa kalipentala, kabowo kakang'ono pa thabwa ndi kafumbwe basi. Bambo anga ankati bowo pa ntchito yako ndi manyazi ako. Mzere uja unayenera kundidabwitsa, pakuti kafumbwe sadziwa kuyeza. Sunandidabwitse. Ndinathira parafini m'kabowo kalikonse kuti tizilombo tife. Ndinasakaniza utuchi ndi guluu, nkutseka tonse, mapiko onse awiri. Ndinakwecha, ndinapaka penti yoyera. Ngakhale ine mwini sindikanatha kuloza pomwe panali bowo.

Madzulo ake, nthawi yonena ntchito itafika, ndinati, "Ndakwecha, ndapenta." Za timabowo ndinaziona zazing'ono. Munthu sanena kuti wapukuta fumbi.

Panapita dzinja katatu. Tinkadikira mapepala a boma, mawaya atsopano ndi mawotchi a kutsogolo kwa woyendetsa. Ndege inangokhala m'chinyumba muja. Mvula inkagwa. Nthawi ya chiperoni malata ankachita thukuta nkumadontha.

Chaka chachinayi, dokotala anawauza mkulu aja kuti maso awo akutha. Chaka chimenecho anawalola kuuluka. Chotsatira anati sadzawalola. Ndiye anasankha mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, mpweya wotentha ukamakwera bwino. Woyendera ndege anabwera. Anasuzumira ndi tochi pa tizitseko ta kumayambiriro kwa mapiko, anakoka mawaya, anagogoda apa ndi apo, nati zili bwino. Penti yanga inali yabwino.

Loweruka la Seputembala kunabwera mlendo, mayi wachitsikana woyendetsa ndege zazing'ono. Ndiye anavomera kudzakoka ndege yathu ndi chingwe. Anazungulira phiko, akulisisita kunsi ndi dzanja.

"Iyi ilibe timabowo totulutsira madzi?" anafunsa. "Ine ndazolowera zachitsulo, koma zamatabwa zomwe ndinaziona zinali nato kunsi kuno. Amati phiko limafunika kupuma."

"Mwina iyi anaipanga mosiyana," anayankha mkuluyo. "Woyendera waiona kale."

Mayiyo anangoti chabwino. Nkhani inapita kwina. Ine ndinali nditagwira kapu. Tiyi sindinamalize.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali kushedi, ndikupanga bokosi la munthu wa msinkhu wa mkulu aja. Ndinayeza molakwa kawiri. Zimenezo sizindichitikira.

Lachitatu masana ndinakwera minibasi kupita ku Nyambadwe. Ndinkadziwa kuti mkuluyo amakhala ku msonkhano wa mpingo. Mayi a pakhomo ananditsekulira chinyumba chija osafunsa. Ndinagona chagada pansi pa phiko, nkuwerenga nthiti mpaka chapakati. Ndinalasa ndi msomali pomwe ndinkaganiza. Chotsekera changa chinagwera mkati. Kunatuluka madontho atatu akuda, kenako fungo. Fungo la mkaka wosasa. Guluu wakale ankamupanga ndi mkaka, ndipo akanyowa nthawi yaitali amabwerera kwawo. Ndinakankha nthiti ndi chala kudzera pa nsalu. Inasuntha. Nthiti siyenera kusuntha.

Ndinagona pomwepo kanthawi. Maganizo oipa anabwera, ndipo sindibisa. Msomali ndinali nawo m'manja. Ndikanatsekula timabowo tonse tsiku lomwelo, madzi nkutuluka, fungo nkutha. Pofika Okutobala phiko likanauma. Palibe akanadziwa. Mwina likanapirira ulendo umodzi. Mwina.

"Amisiri, mwapeza chiyani?"

Anali akazi a mkulu aja, ataima pakhomo. Sindidziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji.

"Ndiwauza abambo akabwera."

"Ayi," anatero. "Mukawauza paokha, akunyengererani. Ndawadziwa zaka zambiri. Ngati pali chonena, mukanene Loweruka, pamaso pa onse."

Sanafunsenso china. Anandipatsa madzi osamba m'manja.

Loweruka limenelo silinali loyamba la mwezi, koma onse anabwera, chifukwa linali tsiku lokweza ndege pa ngolo. Ena anabwera ndi akazi awo. Mphunzitsi wa ku Naperi anavala chipewa chatsopano. Mkuluyo anapemphera motalika, kuthokoza. Atati ameni, makaniko anandiyang'ana.

"Amisiri, nkhope imeneyo bwanji? Ngati mwabwera kudzayeza mtembo. Tepi mwaisiya kushedi, eti?"

Anthu anaseka.

"Titulutse phiko," ndinatero. "Ndili ndi mawu."

Tinalitulutsa, nkulitembenuza pa timabenchi. Ndinavula chipewa.

"Abambo, timabowo tomwe mayi oyendetsa ndege aja anafunsa tinalipo. Ndinatseka ndine, chaka choyamba. Ndinkayesa kafumbwe. Sindinanene. Madzi akhala m'phikomu madzinja atatu."

Mkuluyo anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china.

"Woyendera anaiona," anatero.

"Anaona poyambira. Madzi ali pakati."

"Mwina ndi pang'ono chabe. Tikhoza kuliumika padzuwa sabata ziwiri."

Mayi a pakhomo ananena zoona. Mawu a mkuluyo anali ofewa, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanavomera. Ndinatulutsa mpeni.

"Mundilole."

Ndinayang'ana mayi a pakhomo. Anali atayang'ana pansi. Ndinalasa nsalu, nkung'amba utali wa mkono. Inalira ngati ng'oma ikuphulika. Fungo lija linafika kwa aliyense. Mkati munali mwakuda ndi nkhungu. Ndinagwira nthiti ndi zala ziwiri, nkukoka pang'ono. Inabwera yonse. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni pa msana wa phiko, mtanda waukulu wonyamula zonse. Mpeni unalowa ngati mu chinangwa chophika.

Ndinawapatsa mkulu aja nthiti imodzi. Anaiyandikiza kumaso, chifukwa anali atayamba kale kuonera pafupi. Anainunkhiza.

"Tsekulani linalo," anatero.

Linalo linali chimodzimodzi.

Makaniko ndiye anayamba. "Zaka zinayi! Maloweruka onse aja! Munthu wa mabokosi kumupatsa ndege, mumati apanga chiyani? Watipangira bokosi la mapiko!"

Palibe anaseka. Makaniko sananame.

"Basi, achimwene," anatero mkuluyo. "Ndinawaitana ndine. Za timabowo ndinaphunzira ndili mnyamata. Sindinawauze, ndipo sindinawerame kuti ndione." Kenako anatembenukira kwa ine. "Lingakonzeke?"

"Nthiti ndingapange. Msana ayi. Thabwa lake kuno kulibe. Litapezeka, ndi ntchito ya zaka ziwiri, ndipo isakhale ya ine."

Zaka ziwiri analibe. Onse tinkadziwa. Anaika nthiti ija m'thumba la jekete, nalowa m'nyumba. Tiyi anabwera, koma anazizira m'tiketulo. Tinabweza mapiko m'chinyumba muja. Anthu anachoka mmodzimmodzi. Mphunzitsi yekha ndiye anandigwira chanza potuluka.

Okutobala anafika ndi kutentha kwake. Ndinkati ndikatuluka mushedi masana, ndinkaona akabawi akuzungulira pamwamba pa Limbe, osakupiza mapiko. Ndinkabwerera mkati.

Misonkhano ija inapitirira miyezi ingapo, kenako inazilala. Ine sindinapiteko. Palibe anandiletsa, palibenso anandiitana. Thupi la ndege anakapereka ku sukulu ina ya ntchito zamanja kuti ana aziona. Mapiko ndinamva kuti akadali pa timabenchi.

Patapita chaka ndi theka, akazi a mkulu aja ananditumizira uthenga kuti chitseko cha kukhitchini chatupa. Ndinapita. Mkuluyo anali pakhonde, atakhala pa mpando, ndodo ili pakati pa miyendo. Maso anali atachita mtambo. Anandizindikira ndi mawu.

"Amisiri."

"Wawa, abambo."

Ndinagwira ntchito yanga. Chitseko ndinachipala, chinayamba kutseka. Ndikulongedza zida, anandiitana. Anandiuza kuti ndikhale. Ndinakhala.

"Ndakhala ndikufuna kukufunsani," anatero. "Likanathyoka ndithu?"

"Likanathyoka."

"Pansi pomwe, ikuthamanga, kapena m'mwamba?"

"Sindidziwa. Ine ndimadziwa matabwa, mphepo ayi. Mwina pokoka. Mwina mutakwera kale, mukukhota."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mwina ndikanakwerako pang'ono," anatero.

Mayi aja anali pa zenera la kukhitchini. Anamva. Anatseka mpopi, natuluka, nadzaima kumbuyo kwa mpando, manja ali onyowa. Anawagwira amuna awo paphewa, mwamphamvu, ngati wina akufuna kuwalanda.

Ine ndinanyamula zida zanga, ndinatsazika.