Tsiku Limene Ndinafulatira Apongozi ku Chongoni

Ntchito yolondera nkhalango ya Chongoni ndinaipeza nditangolowa chikamwini m'mudzi wa patsinde pa phirilo. Analengeza kutchalitchi kuti akufuna anthu a miyendo yolimba, ndipo mkazi wanga Nachisale anandiponyera diso kuchokera kumbali ya amayi. Zoti khasu silinkandiyanja, mudzi wonse unkadziwa.

Anandipatsa magambuti, chikwanje, chikwakwa ndi wenzulo. Mvula ikatha tinkalambula malire otchinga moto, udzu ukayamba kuuma n'kuutentha pang'onopang'ono m'mawa kukadali mame, nthambi zaziwisi zili m'manja. Masiku ena tinkangoyenda, makutu ali tcheru kumvera nkhwangwa. Kapitawo wathu, a Kadzakumanja, sankalankhulalankhula, koma ichi ankachibwereza: "Msuku ukadulidwa sunafe, chitsa chimaphukanso. Chimene chimaupha ndi moto woika pachitsa."

Tsiku lina m'chilimwe, ndikuyenda ndekha, ndinapeza misuku itagwetsedwa m'kati mwa malire, nthambi zouma ataziunjika mulu umodzi pamwamba pa zitsa. Wina ankafuna munda wa mbatata ya kachewere. Pambali panaima mayi atagwira udzu ndi machesi. Chitenje chawo ndinachizindikira. Anali apongozi anga, mayi ake a Nachisale.

Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Nanga ndikanawalanda bwanji machesi, ine wodya za m'nkhokwe mwawo? Kuimba wenzulo kukanabweretsa anzanga, iwo n'kuwagwira apongoziwo. Ndinangoyenda chafutambuyo, n'kukwera pamulupo, n'kukhala nditawafulatira.

Anakhosomola. Kenako analankhula ngati akuuza mitengo: "Kodi anthu ena alibe pena pokhala?"

Inenso ndinayankha choyang'ana kuphiri: "Anthu ena atopa, akupuma kaye. Zitsazi zikadali ndi moyo."

"Nanga adzukulu adzadya zitsa?"

Funsolo linali loona. Koma kusendera kuti ayatse motowo apongozi sakanatha, mwambo womwewo unawamanga nawonso. Dzuwa linandiwotcha pamsana, nyerere zikundikwera m'magambuti, ine osasuntha. Litapendeka ndinamva masamba ouma akuphwanyika, mapazi akutsika phiri.

Mawa lake ine ndi a Kadzakumanja tinamwaza nthambizo kutali ndi zitsa. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka misozi. "Imeneyi ndiye sanatiphunzitse," anatero.

Kunyumba kunazizira mpaka mvula yoyamba. Nachisale ankangondiikira madzi osamba basi. Ndinakapempha dimba kwa amalume ku Mayani n'kumawalimira apongozi kachewere Loweruka lililonse, manja mpaka matuza. Ndinaphunzira kuti ukamuletsa munthu kudula nkhalango, funso lake la chakudya limakhala lako.

Lero ndimalondera golosale ku Chimbiya, kupuma utsi wa maminibasi. Ndimaisowa nkhalango ija, ndipo sindibisa: nkhungu ikukwawa pamiyala, anyani akutilalatira, fungo la nthaka yonyowa pansi pa miombo. Ndikapita kumudzi ndimakwera kukaona misuku ija. Inandipitirira msinkhu kalekale, amayi amazula bowa pansi pake.

A Kadzakumanja anatisiya, apongozinso anatisiya. Ndimalakalaka ndikanawaperekeza apongoziwo kumisukuko kamodzi kokha, ngakhale ndili kutali m'mbuyo mwawo. Pa zaka zonse zimene ndinakhala pakhomo pawo, macheza athu aatali anali omwe aja a pamulu paja.