Mzere wa pakhoma ku Ingagula

Anesi atabwera kusukulu kwathu ku Ingagula, anatilowetsa m'kalasi atsikana tokhatokha, n'kutiuza m'Chindebele kuti tivule majuzi, tiwerame, manja alendewere. Anzanga ankangodutsa akuseka. Ine anandiweramitsanso, chala chawo chozizira chikutsika pang'onopang'ono ndi fupa la msana.

"Msana wako ukukhota," anatero. "Akwanu akutengere kwa madokotala ku Bulawayo usanasiye kukula. Mukachedwa ukhoteratu."

Akwathu ake ati? Amayi anali atamwalira, m'nyumba ya kampani ya mgodi wa malasha tinatsala ine ndi abambo. Ndipo chitherereni msinkhu, abambo sankandikhudza ngakhale paphewa, kuchipinda kwanga sankapondako. Mwambowu unabwera ndi makolo awo kuchokera ku Malawi, abambowo n'kuugwira zolimba kuposa eni ake a kumudzi komweko.

Nditawauza anakalipa. "Aa! Msana umapindika ndi mgodi. Iwe unalowamo liti? Ine ndinathyola wangawu kuti wako ukhale woongoka. Anesiwo asandiyambe dala."

Mtima unandipsa koopsa. Ndinafuna kungovula bulauzi pomwepo kuti adzionere okha, koma ndikanayamba bwanji? Ndinangolira, mantha atandigwira kuti ndidzakalamba ndikuyang'ana pansi.

Loweruka, osandiuza n'komwe, abambo anakaitana mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu. Mayiwo analowa nane kuchipinda n'kutseka katani. Abambo anaima panja, pansi pa windo.

"Muzinena mokweza, mayi, ine ndikumva."

Ndinawerama.

"Pakhosi pano pali bwino, bambo," anayamba mayiwo. "Ndikutsika. Apa pakadali poongoka. Apa... ii, Mulungu wanga, wayamba kupita kumanja. Ukupitabe. Nthiti za uku zatukuka. Kumunsi kuno ukubwerera."

Panja paja abambo anakhosomola, chifuwa chawo cha mumgodi chija.

"Chapa zovala, mwanangu. Makombi onyamula anthu alibe mafuta, ku Bulawayo tipita pa sitima."

Tsiku lomwelo, pokayanika zovalazo kuseri, ndinaona khoma la pansi pa windo. Kwathu fumbi la malasha limamata chilichonse. Pafumbipo panali mzere wolembedwa ndi chala: unayamba moongoka, n'kukhotera kumanja, n'kubwerera kumunsi. Abambo ankatsatira mawu a mayi aja.

Ndinaima pamenepo ndi beseni m'manja, misozi ili chuchuchu. Msana wanga abambo anauonera pakhoma limenelo, ndipo mpaka imfa yawo sanauonenso kwina.