A Njobvu ndi Golide wa ku Arizona

A Medson Njobvu ndinawadziwira ku tchalitchi kwathu ku Oshawa m'chaka cha 2001. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wosakonda kuyankhula. Kwawo kunali ku Katete, ku Zambia. Anabwera ku Canada mu 1993, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ankawotcherera zitsulo pa fakitale ina yopanga mafelemu a mipando ya galimoto. Akazi awo, a Judith, ankasamalira okalamba pa nyumba ina ku Whitby. Anali ndi mwana mmodzi, Naomi, amene ankamva Chinyanja chonse koma poyankha ankayankha m'Chingerezi.

Za golide zinayamba mosayembekezera. Neba wawo, mzungu wokalamba dzina lake Lorne, anamwalira mu 2002, ndipo mkazi wake anatulutsa katundu wa m'galaja kuti amugulitse pakhomo. Pakati pa katunduyo panali makina ofufuzira zitsulo pansi pa nthaka: ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chozungulira ngati mbale kumunsi kwake, kabokosi ka singano pogwirira, ndi mahedifoni. A Njobvu anawatembenuzatembenuza kwa nthawi yaitali. Mayiyo anawauza kuti mwamuna wake ankapita nawo ku chipululu cha Arizona chaka chilichonse nthawi ya sinowo, kukafunafuna golide pa malo a kalabu ina ya anthu okonda zimenezi. Anawapatsa makinawo limodzi ndi mapu ong'ambika m'mbali ndi adiresi ya kalabuyo.

Chilimwe chonsecho a Njobvu ankadziphunzitsa kuseri kwa nyumba. Ankakwirira msomali, kandalama, kachidutswa ka mtovu, kenako n'kumadutsitsa makinawo pamwamba pake mpaka atazindikira kaliridwe ka chilichonse. Februwale atafika, anatenga tchuthi cha masabata atatu.

"Bambo a Naomi, anthu amatenga tchuthi kuti apume," anatero a Judith akuwaona akulongedza fosholo ndi piki m'vani. "Inu mukukakumba maenje."

"Ndikungokaona, mayi a Naomi."

Anadiraiva masiku anayi okhaokha, kudutsa malire ku Windsor, kenako kumangolowera kumwera chakumadzulo mpaka sinowo anatha m'mbali mwa msewu ndipo nthaka inayamba kufiira. Malo a kalabuwo anali kunja kwa tauni ya Quartzsite, kumapeto kwa msewu wamiyala. Anapezako makalavani khumi ndi awiri ndi matenti ochepa. Ambiri anali azungu opuma pa ntchito, ena ochokera ku Alberta, ena ku Minnesota. Wakuda anali iwo okha. Tsiku loyamba anthu anangowayang'ana. Tsiku lachiwiri bambo wina anabwera n'kuwauza kuti tenti yawo aimika m'khwawa louma, ndipo mvula ikagwa kumapiri, ngakhale pamalopo pasagwe dontho, madzi adzawakokolola. Anawathandiza kuisamutsa.

Atabwerako ankatifotokozera tikamamwa tiyi potuluka m'tchalitchi, ndipo ndi nkhani yokhayi imene inkawamasula pakamwa. Ankadzuka kusanatenthe, n'kugwedeza nsapato kaye kuopa zinkhanira. Madzi ankanyamula malita anayi pamsana. Ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa makwawa, makina akuyenda uku ndi uku pafupi kwambiri ndi nthaka. Khutu limodzi ankalisiya lotseguka pang'ono kuti amve njoka zija zimene mchira wake umalira ngati maseche. Makinawo akalira, ankagwada, kukumba, n'kudutsitsa dothi dzanja ndi dzanja pa mbale ija mpaka chinthucho chitapezeka. Kakhumi konse chinkakhala chipolopolo chakale, msomali wa nsapato, kapena kachidutswa ka chitini chadzimbiri. Dzenje lililonse ankalikwirira asanachoke, chifukwa ndilo linali lamulo la kalabu, komanso akamba a m'chipululu amagweramo.

"Chitsulo chimakuwa," ankatero. "Golide sakuwa. Makina amakhala akung'ung'udza chapansipansi ngati udzudzu, ndiye kung'ung'udzako kumangosintha pang'ono pokha. Ukaphethira ndi khutu, wadutsa."

Chaka choyambacho sanapeze kanthu. Chachiwiri anabwera ndi kabotolo kakang'ono ngati chala, pansi pake pali timbewu titatu tonga mapira. Tinkapatsirana kabotoloko, ena akuseka. A Boniface Mvula, amene ankaimbitsa kwaya, anawafunsa ngati timbewuto tingakwane kuvindikira dzino limodzi. A Njobvu anaseka nawo, n'kubweza kabotoloko m'thumba la jekete.

Tsiku lina galimoto yanga itawonongeka anandinyamula kupita ku siteshoni ya sitima, ndipo m'njira ndinawafunsa chimene chinkawakokera kumeneko.

"Bambo anga anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, pa Wenela," anatero. "Anabwera ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa. Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinawafunsa kuti golide amaoneka bwanji. Anandiuza kuti sadziwa. Iwo ankangoswa mwala wotuwa n'kuukweza m'ngolo. Golideyo ankatulukira kwina, kumene anthu akuda sankaloledwa. Patapita zaka zitatu anamwalira." Titadutsa maloboti awiri anapitiriza. "Sikuti ndikufuna kulemera ayi. Ndinkangofuna kumutola ndekha pansi, ndi dzanja langa."

Ankapita chaka ndi chaka. Pofika 2007 kabotolo kaja kanali katafika pakati. A Judith anasiya kudandaula, ngakhale masabata atatu amenewo ankachotsa okha sinowo pakhomo asananyamuke kupita ku shifiti ya m'mawa.

Woyamba kuzindikira vuto anali Naomi, amene panthawiyo anali ku koleji. Anauza mayi ake kuti bambo akukweza TV mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo ukawaitana uli kumbuyo kwawo sacheuka. A Njobvu anakana. Anati ana a masiku ano amayankhulira m'mano. Koma ulendo wa 2008 unawatsimikizira. Anafufuza masiku khumi ndi awiri, n'kukumba zitini ndi misomali yokhayokha. Tsiku lina mnzawo wa m'kalabu, amene ankayenda m'mbuyo mwawo pa mzere womwewo, anaima pamene iwo anali atangodutsa, n'kukumba kachidutswa konga njere ya mpunga. Anawapatsa mahedifoni ake kuti amve. A Njobvu anadutsitsa makinawo pa kachidutswako kasanu konse. Sanamve kusintha kulikonse.

Dokotala wa makutu ku Oshawa anawauza kuti zaka zambiri za phokoso la zitsulo zinapha mbali ya khutu imene imamva mawu opyapyala, ndipo siidzabwereranso. Anawapatsa timakina tovala m'makutu. Tinkawathandiza kumva anthu, koma akavala mahedifoni pamwamba pake tinkalira likhweru losatha. Kumapeto kwa chaka chomwecho maoda a galimoto anatsika, fakitale yawo inatseka, ndipo iwo pamodzi ndi anzawo mazana angapo anauzidwa kuti asabwerenso. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu.

M'miyezi imeneyo ankabwerabe ku tchalitchi, koma tiyi sankamudikira. A Judith anandiuza kuti masana onse ankakhala m'chipinda chapansi, mapu aja atawayala patebulo, osachita kanthu. Mu Januwale 2009 anatulutsa makinawo, anawapukuta, n'kuwaika m'katoni kuti awatumize kwa munthu wina wa m'kalabu.

A Judith anawapeza akumata katoniyo.

"Mukuwapereka?"

"Ndiwasungirenji? Wakhungu sasunga galasi."

"Ine makutu anga ndi abwinobwino."

A Njobvu anawayang'ana, akuganiza kuti sanamve bwino.

"Ndati makutu anga ndi abwinobwino," anabwereza mokweza. "Ndabukitsa kale tchuthi. Ine ndizikamva, inu muzikakumba. Koma mundiphunzitse, chifukwa sindidziwa kanthu."

Anawaphunzitsira m'chipinda chapansi chomwecho, popeza kunja nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira. Anadzaza mchenga m'mabeseni atatu n'kubisamo msomali, chipolopolo ndi kambewu kamodzi ka m'kabotolo kaja. A Judith ankatseka maso, n'kunena chimene amva. Sabata yoyamba ankalakwitsa. Yachiwiri anayamba kulondola.

Za ulendowo ndinazimva kwa a Judith, chifukwa amuna awo sanazikambe kwambiri. Anati chipululu sanachikonde. Kunalibe mthunzi, mitengo yake inali yaminga yokhayokha yonga nkhadze, ndipo mphepo inkathira mchenga m'chakudya. Dzanja linkawawa ndi kugwedeza makina tsiku lonse. Chimene chinawavuta kwambiri n'chakuti amuna awo sankathanso kumva njoka, ndiye iwo ankayenera kumvetsera zinthu ziwiri nthawi imodzi, pansi pa nthaka ndi pamwamba pake. Tsiku lachinayi anamva maseche aja pafupi ndi mwala umene a Njobvu ankafuna kugwadapo. Anawakoka kolala mwamphamvu mpaka batani linaduka. Njokayo inalowa pansi pa mwala. Awiriwo anakakhala pansi patali.

"Tiyeni tizipita kunyumba," anatero a Njobvu.

"Tabwera masiku anayi pamsewu. Timalize."

Anakumba misomali yambiri. A Judith akaima n'kuloza ndi phazi, amuna awo ankagwada osafunsa. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi, cham'mawa, m'mbali mwa khwawa lina laling'ono, a Judith anaima, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kudutsitsanso makinawo.

"Apa pali kanthu, koma sikakumveka bwino. Mwina ndi mwala chabe."

"Kakukuwa?"

"Ayi. Kakungokhala ngati munthu wapumira m'tulo."

A Njobvu anagwada. Anachotsa miyala yapamwamba ndi manja, anakumba mpaka dzenje linafika m'chigongono, ndipo ankatapa dothi pang'onopang'ono n'kumalidutsitsa pa makina, akuyang'ana nkhope ya akazi awo. A Judith ankapukusa mutu. Kachisanu ndi chiwiri anagwedeza. A Njobvu anagawa dothilo pakati, n'kugawanso, mpaka m'dzanja munatsala kachinthu kakuda kokutidwa ndi dongo. Anakathira madzi a m'botolo. Kanali konga njere ya chimanga, kophwatalala, kolemera kuposa maonekedwe ake. Pa zaka zonse zimene anapitako anali asanapezepo kakakulu chotero.

A Judith anati ankayembekezera kuti amuna awo akuwa kapena kuvina. Iwo anangokhala chogwada, akukayang'ana. Kenako anakaika m'dzanja la akazi awo, anawapinda zala, n'kuyamba kukwirira dzenje.

Pobwerera, ali pakati pa Oklahoma, a Judith anawauza zoona.

"Bambo a Naomi, ine sindidzabweranso kuno. Ndachita kamodzi, ndipo sindikudandaula. Koma mtima wanga sungapirire kumakumverani njoka chaka chilichonse."

A Njobvu anayankha maso ali pamsewu.

"Ndamva," anatero. "Zimenezo ndazimva bwinobwino."

Atafika analemba kalata ku kalabu yotsanzika. Mu Meyi anapeza ntchito ya masiku atatu pa sabata pa shopu ina yokonza mageti ndi mipanda yachitsulo ku Bowmanville. Makina aja sanawatumize. Anawakoleka m'galaja.

Mu Julaye chaka chomwecho, a Malawi ndi a Zambia a kuno tinakumana ku paki ya m'mbali mwa nyanja ku Oshawa, monga timachitira pokumbukira ufulu wa Malawi. Kunabwera anthu ochokera ku Markham, ku Oakville ndi ku Toronto komwe. Chakumasana mayi wina wa ku Nkhotakota, a Mwanahamisi, amene amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, anazindikira kuti mphete yawo yaukwati yavuka pamene ankasamba m'manja pa udzu. Anthu anagwada n'kumapapasa paliponse kwa ola lathunthu. Mayiyo sanalire. Anangokhala pa benchi atagwira chala.

A Njobvu ananyamuka osauza munthu. Patapita mphindi makumi awiri anabwera ndi makina awo, opanda mahedifoni. Anafunsa mayiyo pamene anaima, n'kupempha anthu kuti asunthe. Mphete ndi chinthu chachikulu ndipo inali pamwamba, ndiye sanafunikire khutu. Ankangoyang'ana singano ya pa kabokosi kaja. Anatola zotsekera mabotolo zisanu ndi kiyi wa munthu wina. Kenako anawerama pafupi ndi mpopi, anapatula udzu ndi zala ziwiri, n'kudzuka nayo.

A Mwanahamisi anailandira ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni, achimwene," anatero chapansipansi.

A Njobvu anapendeketsa mutu, osamva. A Judith, amene anaima pambali pawo, anawabwerezera mawuwo pafupi ndi khutu. A Njobvu anavula chipewa, anawerama pang'ono, n'kupita kukaika makinawo m'vani.