Benchi la Mapiritsi Olera

Chotupa changa chinaphulika masana, ndikuluka tsitsi la mayi wina pamsika wa ku Mtendere. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chithereni msinkhu, mwezi uliwonse ndinkagona masiku awiri nditakumbatira botolo la madzi otentha, amayi n'kumati ukazi ndi umenewo. Koma ululu wa tsiku limenelo unali wina. Ndinagwa chipeso chili m'manja, mutu wa mayi uja n'kutsala theka.

Ku kiliniki anayamba ndi kuyeza mkodzo, kuti aone ngati ndinali ndi pakati. Ndinalibe. Kuchipatala chachikulu m'tauni anayamba aganizira apendikisi, mpaka sikani inaonetsa magazi m'mimba. Anandichita opaleshoni tsiku lomwelo.

Dokotala wake, mayi wosadziwa kuzungulira, anati matendawa ndi endometriosis: minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero inamera pathumba la mazira, n'kumasunga magazi akale mwezi ndi mwezi mpaka chotupacho chinang'ambika. Thumbalo analipulumutsa. Koma anati matendawa amabwerera, ndipo ngati ndikufuna kudzabereka, ndizimwa mapiritsi olera tsiku lililonse kuti chotupa china chisamere.

Vuto linali kokatengera. Ku kiliniki kwathu odikira za kulera ankakhala panja, pabenchi loyang'ana kumsewu, pamene Mtendere yense amadutsa. Ine ndinali wosakwatiwa, woimba kwaya. Ndinakhalapo kamodzi kokha. Lamlungu lake akazi a abusa anandipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndapuma kaye kuimba. Anthu opemphera amadziwa kubaya akumwetulira. Ndinakwiya, koma manyazi anaposa mkwiyo, ndipo mapiritsi atatha sindinabwerereko.

Patapita miyezi itatu amayi anandipeza nditadzipinda pansi, ndikubuula.

"Mapilisi yako yali kuti?" anafunsa.

"Yanasila, ba mami. Siningankale futi paja, bantu bakamba maningi."

"Leta kadi," anatero, akutambasula dzanja kuti ndiwapatse kadi langa la ku kiliniki.

Amayi anali amasiye, zaka zisanu chimwalirireni bambo, ndipo ndiwo ankatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi. Anakalankhula ndi namwino kuti azinditengera mapiritsiwo, iye n'kuvomera, bola ine ndizikayezetsa m'tauni. Kuyambira pamenepo ankakhala okha pabenchi lija, pakati pa atsikana obereka makanda, chikwama chili pamwendo, nkhope ili kumsewu.

Mphekesera sizinachedwe. Anthu anayamba kufufuza mwamuna amene ankalowa m'nyumba ya malemu. Ena anatchula wogulitsa makala, munthu wopanda ndi mano omwe. Azilamu awo anasiya kubwera, ndipo mapemphero a Lachinayi anapatsidwa kwa wina. Ine ululu unachepa, ndinabwerera kumsika, kukwaya anandiitananso. Ndinaimba, ngakhale zinkandinyansa.

Tsiku lina ndinauza amayi kuti ndikaima pamaso pa mpingo n'kunena zoona. Anali akuchapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Unkale chabe zii. Baleke bakambe. Ine ninabala kale, iwe ukalibe kubala."