Tambala Amene Ndinapita Naye kwa Achibuda

Chimene ndimakumbukira ndi kulira kwa tambala m'katoni, pansi pa mpando wa matatu, minibasi ya ku Nairobi. Sanali kokoliriko weniweni ayi, kunali kudandaula kwa munthu amene amumanga miyendo osamuuza mlandu. Kondakitala anandifunsa m'Chiswahili ngati mnzangayo alipira yekha. Ndinamwetulira. Kumwetulira ndiye luso langa.

Ndinaleredwa ndi agogo, makolo atamwalira ndili wamng'ono. Ankagulitsa fodya wamphuno pamsika, ndipo malamulo awo anali awiri: mwana wamasiye sayankha akulu, komanso kwa eni ake supita chimanjamanja. Lamulo loyambalo ndi limene linandifikitsa ku ofesi ya ku Gigiri mu Nairobi, kumene anthu ankaona kukhala chete kwangako ngati nzeru.

Mayi wina wa ku Sri Lanka, amene tinkagwira ntchito m'chipinda chimodzi, anaphunzira liwu limodzi la Chichewa ndipo sankaliumira.

"Achimwene," anatero tsiku lina, "inu simupsa mtima. Mubwere kwathu Lamlungu. Ndi tsiku lalikulu kwa ife Achibuda. Timakumbukira pamene mphunzitsi wathu anakhala pansi pa mtengo mpaka maso a mumtima anatseguka."

Sabata imeneyo kumudzi mafuta a galimoto anali atasowanso. Agogo ankangokhala m'mbali mwa msewu kudikira minibasi yoti akatengere mankhwala kuchipatala, madzulo n'kubwerera kunyumba. Andale ankatiuza kuti zinthu zikuyenda, tingodekha. Ine ndinali nditadekha kuyambira tsiku la maliro a amayi. Pagulu la pafoni la Amalawi a mu Nairobi ndinkalemba mawu aatali, otentha, kenako n'kufufuta, n'kutumiza kachithunzi ka manja opemphera. Tulo tinandithawa. Choncho ndinavomera kupita kwa mayi aja, cholinga chili chimodzi: ndikawauze mayiwo kuti ndine munthu wokwiya kwambiri, andiphunzitse mmene kwawoko amazimitsira moto wotere.

Kenako ndinakumbukira lamulo lachiwiri la agogo. Ndinapita kumsika wa ku Eastleigh, ndinasankha tambala wonenepa, wofiira, woyenera anthu amene umawalemekeza.

Kunyumbako ndinapeza onse atavala zoyera, opanda nsapato, atakhala pamikeka. Nyali za mapepala zinali lende m'khonde, lubani akufuka. Patebulo panali mpunga, nyemba zamitundumitundu, masamba ndi zipatso. Ndinayang'anitsitsa kufuna mbale ya nyama. Panalibe. Katoni ija ndinaisiya mwakachetechete pakhomo, pambali pa nsapato.

M'busa wawo, wometa mpala, wofunda nsalu yachikasu, anatiuza kuti titsinzine, aliyense angomvetsera kupuma kwake. Ndinayesa. Popumira mkati ndinkaona agogo pamsewu paja. Popumira kunja ndinkaona magalimoto a mabwana akudutsa ndi masailini. M'chipinda munangoti zii.

Apo ndi pamene tambala anapeza mawu ake onse.

Mwamuna wa mayi uja anadzuka n'kukatsegula katoni. Anthu anatembenuka. Ndinayamba kuganiza za njira yachidule yotulukira pageti, koma mayiwo anagwira pachifuwa.

"Mwamuwombola ku mpeni, achimwene!"

Anakumbutsa anzawo kuti kwawo, pa tsiku ngati limeneli, anthu amagula nyama zoti zikaphedwe n'kuzimasula. Koma kuti Mkhristu wa ku Malawi adziwe zimenezi! "Anakuphunzitsani ndani?" anandifunsa.

"Agogo," ndinatero. Sindinaname kwenikweni. Za tomato ndi anyezi amene anali m'chikwama changa sindinatchule.

Anandipatsa ulemu womasula chingwe. M'busa anandiweramira pang'ono. Tambala anadzinyanyamphula, anayenda pamikeka ngati mwini nyumba, anajompha mpunga, anagwetsa maluwa, kenako anaima pamaso pa m'busayo n'kulira kachiwiri. Palibe anamuuza kuti adekhe. Ndinamuyang'ana ndi nsanje imene sindinakhalepo nayo pa munthu.

Anthu akubalalika, ndinawapeza mayi aja pageti. Ndinali nditakonza mawu anga njira yonse.

"Mayi, pali zimene ndinabwerera. Ine mumtimamu..."

"Tadziwa kale, achimwene. Taona tonse. Ena timaphunzira zaka zambiri, inu munabadwa nazo."

Wina anawaitana m'nyumba, ndipo anapita. Ndinatsala ndi mawu anga kukamwa, pamene akhala moyo wonse.

Posakhalitsa kunabwera mwamuna wawo atanyamula katoni ija. Anali ataiboola mabowo atsopano kuti mpweya uzilowa bwino.

"Eni nyumba zino salola nkhuku," anatero. "Komanso ndi wanu, ndinu munamupulumutsa. Mumusamale mpaka adzafe ndi ukalamba."

Anandiikira katoniyo m'manja, tambala akugudubuka mkati, ndipo analowa n'kutseka geti.