Ndime yomwe sitinaimbe pa ukwati wa Lusungu

Lachinayi kwaya ya kwathu ku Mlare imakonzekera ukwati wa Lusungu, mwana wa mlongo wanga. Buku la nyimbo tili nalo limodzi, ndiye aliyense amakopera papepala. Nyimbo inayenda bwino mpaka ndime yachitatu, yomwe imanena za manda.

Mlongo wanga anadzuka pabenchi. “Yayi ŵadada, iyi ni nthengwa, nyifwa yayi! Ndi ukwati uwu, si maliro! Mukufuna mwana wanga alire?”

Wotsogolera kwaya anangoti, “Pepani amama, dulani yachitatu. Tichoka pa yachiwiri kupita pa yachinayi.”

Pobwerera, mwana wanga Tamara, yemwe amaphunzitsa sayansi kusekondale, ankangoseka. Akuti thupi limachitanso zomwezo. Malangizo a thupi, otchedwa majini, ali mu DNA ngati buku lija, ndipo sachoka pamalo pake. Selo, kachigawo kakang’ono kwambiri ka thupi, limakopera jini pa RNA ngati papepala paja, kenako limadula zidutswa zina n’kulumikiza zotsalazo, osasintha ndondomeko yake. Puloteni, yomwe imagwira ntchito m’thupi, imapangidwa kuchokera pa zolumikizidwazo. Selo la mu ubongo likhoza kusunga chidutswa chomwe la mumnofu lataya, choncho jini imodzi imatulutsa mapuloteni osiyana.

“Nanga likadula polakwika?” ndinafunsa.

“Puloteniyo imatuluka yopunduka, adada. Matenda ena amayamba choncho.”

Ndinagwira m’thumba, momwe munali pepala langa. Monga malume, ndimayenera kuyankhula paphwando, ndipo ndinali nditalembamo kuti poyamba mnyamata wokwatirayu sindinkamufuna, popeza banja lake loyamba linatha. Zoona zokhazokha. Koma zoona zonse n’zapamaikolofoni?

Ife akuluakulu tili ndi matenda amenewa. Akatipatsa mpata, timakhuthula thumba lonse, ati tisaoneke achinyengo. Pamaliro titchula zolakwa za malemu, paukwati tifukula zakale, kenako n’kumadabwa kuti ana akutizemba. Pajatu kakatuluka pakamwa sikabwerera.

Loweruka ndinadumpha mizere itatu. Ndinanena za momwe mkamwiniyo anathandizira mlongo wanga kukolola mpunga ku Hara pamene mlongo wangayo ankadwala, zomwenso n’zoona. Lusungu anamwetulira, ndipo kunena mosabisa, mtima wanga unakhala m’malo. Madzulo anandigwira dzanja.

“Amalume, ndimaopa kuti munena zija.”

Kani mwanayu anagona ndi mantha sabata yonse chifukwa cha ine. Inu amene mwapatsidwa mpata woyankhula Loweruka likubwerali, mukudziwa amene akukuopani?